Ndemanga: amisiri a magetsi a galimoto pa Dedza boma, ndi magetsi a rivesi a Canter yanga

Ndili ndi Mitsubishi Canter ya 1996, ya matani atatu, injini yake 4D33. Ndimayendetsa ndekha, kunyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kuchokera ku Bembeke ndi ku Lizulu kupita nazo ku Lilongwe. Ndemangayi ndi ya amisiri a magetsi a galimoto amene ali ndi kagalaja kawo pa Dedza boma. Ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo ndinena pamene yachisanuyo inagwera.

Magetsi a rivesi anali atasiya kuyaka kwa miyezi ndithu. Ndinkangoti bola a buleki ndi ma indiketa akugwira. Chimene chinandidzutsa chinachitika pa Lizulu m'mawa wina mu June, kuli chifunga chokhachokha. Odziwa Lizulu akudziwa kuti msika uli m'mbali mwenimweni mwa msewu wa M1, ndipo anthu amadutsa kumbuyo kwa malole madengu ali pamutu. Ndikubwerera m'mbuyo kuti ndiyandikire matumba, wothandiza wanga anamenya bodi mwamphamvu, ine n'kuponda buleki. Kumbuyoko kunali mayi wa dengu la tomato, mwana ali kumsana. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Bambo, galimoto yanuyi sinanene kuti ikubwera." Usiku umenewo sindinagone bwino.

Ndinayamba ndekha. Ndinagula mababu awiri n'kuika, koma zii. Fyuzi ndinaiona ndi maso, inkaoneka yabwino. Makanika wina m'mbali mwa msewu anati andikokere waya kuchokera ku batire, aike kaswitchi pa dashibodi kuti ndiziyatsa ndi dzanja. Ndinakana. Tsiku limene ungaiwale kuzimitsa, ndiye kuti ukuyenda usiku pa M1 ndi magetsi oyera kumbuyo, wokutsatira n'kumaganiza kuti ukumubwerera. Pamenepo m'pamene mnzanga wa lole ya Toyota Dyna ananditumiza kwa amisiri ndikunenawa.

Chimene ndinawakondera n'chakuti sanamasule kanthu asanayeze. Anandiuza ndikoke handibuleki, mnyamata wawo anaika miyala kumatayala, ine ndinatsegula kiyi osaliza injini, n'kulowetsa giya ya rivesi. Atatsegula galasi la kumbuyo anatulutsa babu, kuwerenga zolembedwa m'mbali mwake, n'kundifunsa, "Achimwene, awa munagula kuti?" Anali mababu a 12 volts. Canter yangayi ndi ya 24 volts, mabatire awiri a 12 olumikizidwa motsatizana, ndipo wakusitolo sanandifunse n'komwe galimoto yake. Koma amisiriwa anatolapo nzeru. Anati moto ukanakhala kuti ukufika, mababu amenewa akanapsa kale, tsono poti ndi amoyo, vuto lili kutsogolo. Anaika a 24 volts, 21 watts, a waya umodzi mkati.

Kenako anatenga tesita, kababu kokhala ndi waya wa kuchasisi ndi msomali wosongoka, n'kugunda mbali zonse ziwiri za fyuzi. Konse kunayaka. Anandiphunzitsa kuti fyuzi siiweruzidwa ndi maso, chifukwa imatha kuduka pobisika kapena kuchita dzimbiri m'miyendo. Atatero anagona pa katoni n'kulowa kunsi.

Apa ndichedwepo, chifukwa ambiri a ife oyendetsa sitidziwa. Pa galimoto ya magiya a dzanja, switchi ya rivesi siikhala m'kabini. Imakhala yomangidwa pa giyabokosi ngati bauti yaikulu, ili ndi mawaya awiri. Kunsonga kwake kuli kampira kachitsulo. Ukalowetsa rivesi, chitsulo cha mkati mwa giyabokosi chimakankha kampirako, mawaya awiri aja amalumikizana, moto n'kupita kumbuyo. Amisiriwa anazula pulagi ya switchiyo, napeza kuti waya umodzi uli ndi moto. Anatenga kawaya kakafupi n'kulumikiza mabowo awiri a pulagi, kuilumpha switchiyo. Anati, "Kaoneni kumbuyo." Ndinapeza la kumanzere likuyaka mofooka ngati koloboyi wotha mafuta, la kumanja lili chete, ndipo chodabwitsa, babu lofiira la pakingi nalonso linkanyezimira pang'ono pomwe silinayatsidwe.

Ine ndinkaganiza kuti tapeza, ndi switchi basi. Iwo anati mavuto ndi awiri. Switchi yafa, inde, poti kuilumpha kwabweretsa moto. Koma kufooka kuja ndi kuyaka kwa babu losayatsidwa kukusonyeza kuti ethi ndi yoipa: moto ukusowa njira yobwerera ku chasisi, ndiye ukuzembera m'mababu ena. Anatsatira waya mpaka pa bauti ina kumapeto kwa chasisi. Inali yodyeka ndi dzimbiri, matope atauma pamwamba pake. Zaka zonsezi matope a misewu ya kumunda ndi madzi otsukira bodi ankathera pomwepo. Anapala chitsulo ndi sandipepa mpaka kuwala, anaika bauti ina, napaka girisi pamwamba. Waya wa babu la kumanja anaupeza utaduka mkati mwa tepi, pamene wina kalelo anangoupota ndi zala. Anauwotcherera bwinobwino. Atalumphanso switchi, onse awiri anawala mpaka pakhoma.

Switchi yakale anaimasula n'kundionetsa m'manja. Kampira kaja kanali katadyeka mpaka kuphwaphwatala. Ataiika pa mita yoyezera magetsi, mitayo inkalira pokhapokha akaikanikiza mwamphamvu ndi sipanala. Makanika wothamanga akanasintha switchi yokha, ine n'kupita ndi magetsi ofooka, sabata yamawa n'kubwerera kudzagula china. Iwowa anandionetsa chilichonse asanachisinthe, ndipo zakale zonse anandibwezera.

Tsopano kumene sindinakondwe. Switchi analibe, ndipo m'masitolo a pa boma sinapezeke. Anati aitanitsa ku Lilongwe, ifika mawa. Kuchokera ku Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 okha, maminibasi amayenda tsiku lonse, koma mawa lija linakhala masiku atatu. Yoyamba kufika inali ya mazinga osiyana, inakana kulowa. Sanaikakamize, ndipo pamenepo ndiwayamikire, poti kuononga mazinga a giyabokosi ndi mlandu wina waukulu. Koma akanatumiza yakale ija ngati chitsanzo tsiku loyamba lomwelo, zonsezi sizikanachitika. Foni yawo imayankhidwa mwa apo ndi apo, moti ndinayenda kawiri kupita kugalajako kukangomva kuti sinafike. Ndinataya ulendo umodzi wa kabichi, ndipo kabichi sadikira munthu. Lisiti anandilembera nditachita kupempha. Malo awo alibe denga, tsono m'nyengo ya mvula kapena m'mawa wa July pa Dedza, tengani jekete.

Yachiwiri italowa, anabwezera washa wa makulidwe ofanana ndi wakale. Anati washa wokhuthala kwambiri amachititsa kuti kampira kasafike pokankhidwa, ndipo popanda washa switchi imalowa mopitirira, magetsi n'kumayaka nthawi yolakwika kapena oyilo n'kumachucha. Tinayesa magiya onse mmodzimmodzi kuti tione kuti akuyaka pa rivesi pokha. Ndinawapemphanso kuti andiikire kabelu kolira pobwerera m'mbuyo, ka 24 volts, ndipo anakalumikiza pa waya womwewo wa magetsi. Za mtengo, ntchito ya manja awo sinafike ndalama imene ndimathira dizilo pa ulendo umodzi wa ku Lilongwe, ndipo anatchula mtengowo asanayambe, osasintha pamapeto.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Galimoto yadutsa m'matope a ku Bembeke mvula yonse ya December ndi January, ndipo magetsi onse awiri akuyakabe bwino. Bauti ya ethi ija ndimaisuzumira ndikamatsuka, girisi akadalipo. Mukamapita kwa iwowa ndi Canter, Dyna kapena Elf yakale, funsani za sipeya tsiku loyamba, ndipo ngati palibe, tengani yakaleyo mukagule nokha ku Lilongwe. Ine mwezi wamawa ndikubwererako ndi vuto la geji ya mafuta.