Kutenga mawu ndendende kapena kufotokoza m'mawu anu?

Tinene kuti aphunzitsi ku Ulónguè, tauni ya ku Mozambique, akupatsani chimangirizo chofotokoza za damu la Cahora Bassa, lomwe lili pa mtsinje wa Zambezi. Zimene mwawerenga m'buku mungazilowetse m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi kukopera mawu a wolemba monga momwe alili. Mumawaika m'mitengero, osasintha ngakhale lemba limodzi, kenako n'kutchula dzina lake, chaka cha bukulo ndi tsamba. Njirayi imayenera pamene kanenedwe kake ndiko kali ndi mphamvu, mwachitsanzo mawu a munthu amene anasamutsidwa madzi a Zambezi atamiza mudzi wake. Mukawasintha amenewo, ululu wake umazirala. Koma mukachulutsa, chimangirizo chimasanduka chigamba pa chigamba, mawu anu osamveka.

Yachiwiri ndi kutseka buku n'kufotokoza nokha. Mfundo yoti ntchito yomanga damuli inayamba mu 1969 n'kutha mu 1974 sifuna mitengero ayi. Ine ndimakonda njirayi chifukwa imaulula ngati mwamvetsadi, makamaka buku likakhala la Chipwitikizi. Komatu kungosintha mawu awiri kapena atatu ndi kuba ndithu, ndipo dzina la wolemba ndi chaka muzitchulebe.