Bokosi la ma fly a mullet logulitsidwa mu Joni: ogwira ntchito ndi ati?

Ambiri mwa ife owedza ndi fly (nyambo yochita kupanga pomanga nthenga kapena ulusi pa mbedza) mu Johannesburg muno tinaphunzirira pa mtsinje wa Vaal, posaka nsomba yotchedwa yellowfish. Ikafika tchuthi, ena timatsika msewu wa N3 kupita ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo kumeneko timakumana ndi mullet, nsomba yoyenda m'magulu pomwe mitsinje imathira m'nyanja yamchere. Taunika bokosi la ma fly 12 a nsombayi, la mtundu womwe umapezeka m'mashopu a zowedzera mu mzinda uno. Chigamulo chathu nchakuti 8 ndi abwino, 4 ndi ongodzazitsa bokosi.

Kuti mumvetse chifukwa, yambani ndi kamwa ya nsombayo. Mullet sithamangitsa tinsomba tinzake. Imapsontha matope ndi mchenga, kusefamo ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono, ndipo chifu chake chimapera chakudya ngati nthutumba ya nkhuku. Choncho fly yaikulu, yonyezimira, yokokedwa mothamanga siyithandiza. Mbedza yoyenera ndi ya nambala 10 mpaka 14, pokumbukira kuti nambala ikamakwera mbedza imachepa.

Abwino koposa m'bokosili ndi atatu otsanzira ndere, omangidwa ndi nthenga zofewa za marabou zobiriwira. Nthengazi zimagwedezeka zokha m'madzi ngakhale inu musakoke chingwe, ndipo nchimene chikufunika. Madzi a m'nyanja akamakwera amakokolola ndere pamiyala, mullet nkumatola zidutswazo. Ponyani fly mamita 2 kapena 3 kuchokera pa gululo, mbali yomwe madzi akuchokera, muisiye ibwere ndi madzi. Vuto lake nlakuti omanga anaika nthenga zambiri komanso zazitali. Nsomba imagwira kumapeto kwa nthengazo osafika pa mbedza, inu nkumangomva kugunda osakola kanthu. Budulani nthengazo ndi zala mpaka zitsale pafupifupi sentimita imodzi kupitirira pokhota pa mbedza. Sizasi imasiya m'mphepete mowongoka, zomwe sizioneka ngati ndere.

Atatu ena ndi otsanzira tishrimp (tinyama ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu) ndi tizilombo ta mumchenga, amtundu wotuwa ndi wodera. Awa ndi a pamadzi osaya, ofika m'mawondo kutsika m'munsi, pomwe mumaona michira ndi misana ya nsomba zikudya. Amamira pang'onopang'ono, ndipo amatera pamadzi mosachita phokoso. Tawakonda kwambiri.

Ma fly awiri a buledi, omangidwa ndi ulusi woyera, ali bwino, koma tinene zoona: amagwira pokhapokha mwayamba mwakopa nsombazo ndi buledi weniweni. Nyowetsani buledi m'chidebe, mumufinye, muziponya pang'onopang'ono, dzanja limodzi panthawi, kuti nyenyeswa ziziyenda ndi madzi. Mukathira wambiri nsomba zimatsatira buledi uja kutali nanu. Imodzi mwa awiriwa imayandama, inayo imamira pang'ono pansi pa madzi, ndipo yomirayi ndi yomwe nsomba zamantha zimailandira msanga. Pamalo otetezedwa ngati Kosi Bay ndi St Lucia, omwe ali mu iSimangaliso Wetland Park, funsani kaye oyang'anira musanathire kanthu m'madzi.

Anayi otsalawo ali ndi mikanda yolemera ya chitsulo cha tungsten kumutu. Ndi ma fly a pa Vaal basi, pomwe madzi ndi othamanga ndipo pamafunika kufika pansi msanga. Pamchenga wosaya amagwa ndi phokoso, gulu lonse nkubalalika, kenako amakodwa m'ndere. Choipa china nchakuti mbedza zake ndi za madzi opanda mchere. Mukazibweza m'bokosi zili zonyowa, dzimbiri limayamba ndipo limafalikira kwa zinzake. Ngakhale abwino aja, atsukeni m'madzi apampopi mukangoweruka, muwayanike pansalu, aume kaye.

Fly yabwino imafuna zida zogwirizana nayo. Ndodo ya 5 kapena 6 weight (nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe chomwe ndodoyo imaponya) ndi chingwe choyandama nzokwanira. Kutsogolo kwa chingwecho mangani ulusi wa fluorocarbon, wosaoneka bwino m'madzi, wopirira kulemera kwa mapaundi 6 mpaka 8, wotalika mamita 3 kapena 4, chifukwa mullet imathawa ikaona chingwe chochindikala chikugwera pamwamba pake. Ikagwira, musatukule ndodo mwamphamvu. Kokani chingwe pang'ono ndi dzanja, kenako muilole ithamange, poti mullet yaikulu ya mtundu wa flathead imadula ulusi wopyapyala pa liwiro loyambalo.

Nthawi nayo njofunika. Madzi amakwera kawiri patsiku, ndipo amakwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Yang'anani ndandanda ya nthawizi musanachoke mu Joni, mukafike pamalo madzi akungoyamba kukwera.

Achimwene, musaiwale chilolezo. Ku South Africa kuwedza m'nyanja ndi m'mathiriro a mitsinje kumafuna chiphaso cha boma cha owedza mongosangalala, ndipo chowedzera m'madzi opanda mchere cha kuno ku chigawo cha Gauteng sichigwira ntchito kumeneko. Malire a mullet ndi 50 pa munthu patsiku.

Ngati shopu ikulola kugula imodziimodzi, siyani bokosilo. Tengani a ndere 4, a tishrimp 4 ndi a buledi 2, ndipo mufunse wogulitsa ngati mbedza zake zili zopirira mchere musanalipire.