Receiver ya stereo kapena ya AV: yoyenera pabalaza panu ndi iti?

Munthu amene akufuna kuti nyimbo ndi mafilimu zizimveka bwino pabalaza amapeza makina a mitundu iwiri. Onse amatchedwa receiver, makina olandira mawu ndi kuwakuza kuti apite ku masipika. Pali receiver ya stereo, imene imayendetsa masipika awiri, ina kumanzere ina kumanja, ndipo pali receiver ya AV (ya mawu ndi zithunzi), imene pa dongosolo la 5.1 imatumiza mawu ku masipika asanu ndi subwoofer imodzi ya besi. Yamaha, Denon, Onkyo ndi Sony amapanga mitundu yonse iwiri, choncho dzina la kampani palokha silithetsa nkhaniyi.

Ubwino wa AV uli pa mafilimu ndi mpira. Dikoda ya DStv ndi zipangizo zina zimalowa kumbuyo kwake kudzera pa HDMI, chingwe chonyamula zithunzi ndi mawu pamodzi, kenako chingwe chimodzi chimapita ku TV pamalo olembedwa ARC, ndipo sipika yapakati imatulutsa mawu a anthu olankhula momveka bwino ngakhale phokoso la mufilimu litachuluka. Ma receiver ambiri a AV amabwera ndi kamaikolofoni koyezera chipinda, njira imene Yamaha imaitcha YPAO pomwe Denon imagwiritsa ntchito Audyssey. Vuto lake ndi mawaya, chifukwa masipika awiri akumbuyo amafuna waya wodutsa pabalaza ponse, ndipo m'nyumba ya lendi ya simenti pansi, momwe simungaboole khoma, masipikawo amathera pamwamba pa kabati pambali pa TV, pomwe sagwiranso ntchito imene anapangidwira.

Stereo ilibe chipwirikiti chotere. Yambiri ilibe HDMI, motero mawu a TV amalowa pa optical (chingwe chodutsitsa mawu ngati kuwala) kapena pa RCA (zingwe za mapulagi ofiira ndi oyera), ndipo mukasankha optical muyenera kusankha PCM pa menyu ya mawu ya TV. Ine ndimaona kuti ndalama zikakhala zomwezo, masipika awiri abwino amaposa kutali asanu otchipa, makamaka kwa munthu amene nthawi yake yambiri imathera pa nyimbo ndi wailesi.

Koma kaya mwasankha iti, chimene chimapha makina ndi masipika osagwirizana nawo. Tembenuzani receiver muwerenge zolembedwa pafupi ndi pomangira mawaya: mupeza manambala a ma ohm, muyeso wa momwe sipika imatchingira magetsi, mwachitsanzo 6 mpaka 16. Sipika ya 8 ohms ilowa popanda vuto, pamene timasipika totsala ku home theatre yakale ya DVD, timene tambiri ndi ta 3 ohms, timakoka magetsi ochuluka mpaka makina kutentha ndi kudzizimitsa okha. Masipika awiri a 8 ohms mukawamangirira limodzi pamalo amodzi amasanduka 4 ohms, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa akafuna kuwonjezera phokoso pa chinkhoswe kapena pa phwando. Pa ma watts, khulupirirani nambala ya RMS, yosonyeza mphamvu imene makina amatulutsa mosalekeza, osati ya PMPO, ya mphamvu ya kamphindi chabe, imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni. Onaninso ma dB a sipika, osonyeza kukula kwa mawu amene imatulutsa pa watt imodzi, popeza ya 87 dB imafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuti ifanane ndi ya 90 dB, ndipo receiver yaing'ono ikakwezedwa mpaka mawu kusweka imatha kuotcha ma tweeter, timasipika tating'ono totulutsa mawu opyapyala.

Amene akugula zogwiritsidwapo kale ntchito asamale kwambiri za magetsi. Ku Malawi ndi ku Zambia magetsi a m'nyumba ndi 230V, chimodzimodzi ku South Africa ndi ku Britain, koma makina opangidwira ku Japan ndi a 100V ndipo a ku America ndi a 120V. Amenewa popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo. Surge protector, chipangizo choteteza makina ku magetsi opitirira muyeso, nayo ndi yofunika, chifukwa magetsi akamabwerera atazima amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira.

Pomanga mawaya, yambani mwazula pulagi kukhoma. Waya wa kopa wa 1.5 mm² ndi wokwanira pabalaza wamba. Pofiira pa receiver pakumane ndi pofiira pa sipika, pakuda ndi pakuda, apo ayi besi imachepa. Potani bwino nsonga kuti kawaya ngakhale kamodzi kasakhudze mbali inayo. Kansalu kokongoletsera kamene timakonda kuyala pa zipangizo musakaike pamwamba pa receiver, pakuti mabowo ali pamenepo ndi otulukira kutentha, ndipo ya AV, pokhala ndi masipika ambiri oyendetsa, imafuna mpata waukulu wopumira kuposa ya stereo.