Anakana kunditchulira dzina la wonga wakale, koma ndawapatsa nyenyezi 4

Nyenyezi 4 pa 5 kwa shopu ya mfuti yomwe ndinapitako kuno ku Polokwane, ndipo imodzi ndachotsayo ndi ya kudikiritsa ndi nkhani ya mtengo basi, ntchito yokha ilibe vuto. Ndikulembera makamaka anzanga amene tili kuno ku Joni tili ndi laisensi ya mfuti yosakira nyama kapena ya masewera ndipo timadzipakirira tokha zipolopolo kunyumba, chifukwa nkhani ya wonga wakale ambiri timaitenga mwachibwana, mitengo ikakwera munthu umangoona chitini chilichonse ngati mwayi.

Apongozi anga aamuna atamwalira zipangizo zawo zonse zinabwera kwa ine, presi ndi madayi (zida zopakirira zipolopolo), sikelo, makesi (zikho za zipolopolo zothiramo wonga) ambirimbiri a mfuti ya .303 ndi wonga wa mitundu itatu. Panali chitini cha wonga wa S335 wa kampani ya Somchem chosatsegula, lebulo ili bwinobwino. Panali china chotsegula kale chadzimbiri, zilembo zikuwerengeka movutikira. Ndiye panali botolo la khofi lodzadza ndithu, lopanda lebulo, pachivindikiro analembapo ndi maka kuti 303 basi. Zonsezi zinkakhala mu galaja ya malata, ndipo amene mukudziwa kutentha kwa Limpopo mu Disembala mwamva kale komwe nkhaniyi ikupita.

Wonga wonsewu ndinapita nawo ku shopu ija kuti akauone. Bambo amene amayang'ana za wonga pa shopupo ndi wachikulire, sathamanga. Anayamba ndi chitini chadzimbiri chija, anatsegula n'kununkhiza chapatali, kenako n'kundipatsa kuti nanenso ndimve. Abale fungo lake lowawa, lolasa m'mphuno ngati asidi. Wonga wabwino umanunkhira mankhwala osungunulira aja, ngati acetone, osati chonchi ayi. Anathira pang'ono papepala loyera ndipo panatsala fumbi lofiira moderako, kwina wongawo unali utagwirana mibulu, mkati mwa chitini namonso dzimbiri lokhalokha. Anati uwu watha, ndipo anandifotokozera bwino kwambiri chifukwa chake, mpaka ndinamva. Wonga wopanda utsi amaupanga ndi nitrocellulose, wina amawonjezera nitroglycerine, ndipo zinthu zimenezi zimawola pang'onopang'ono zokha kuyambira tsiku lomwe zapangidwa, n'kumatulutsa mpweya wa asidi. Ku fakitale amaikamo mankhwala oteteza monga diphenylamine kuti azimeza asidiyo, koma mankhwalawo amatha, kukatentha amatha msanga, ndiye akatha asidi uja amafulumizitsa kuwola, kuwolako n'kumabweretsa kutentha, mpaka chitini chimatha kuyaka chokha popanda munthu kuyatsa machesi.

Izi si nthano zoopsezera makasitomala eti. Wonga woyamba wa mtundu umenewu, Poudre B, anaupanga Paul Vieille ku France mu 1884, ndipo dziko lomwelo linataya sitima ziwiri zankhondo pa doko la Toulon, Iéna mu 1907 ndi Liberté mu 1911, zitaphulika ndi wonga wawo womwe umene unawonongeka m'nkhokwe, anthu ambiri anafa. Ngati asilikali apanyanja okhala ndi akatswiri awo zinawachitikira, nanga galaja ya malata yomwe ana amasungamo njinga?

Koma pomwe ndinawalemekeza kwambiri ndi pa botolo la khofi lija. Wongawo unkaoneka bwino, fungo labwino, fumbi palibe, timitengo tating'ono tofanana kwambiri ndi S335. Ine ndinkayembekezera kuti munthu wa zaka zambiri pa ntchito angoyang'ana n'kunena kuti ndi wakutiwakuti, mwinanso kuika pa galasi lokulitsa. Anakana. Ndinawaumiriza kuti mongoyerekeza chabe bambo, sindikakunenani kwina kulikonse, anakanabe, anati wonga sauzindikira ndi maso ndipo aliyense amene angakuuzeni dzina la wonga wopanda lebulo akusewera ndi nkhope yanu. Maonekedwe alipo atatu makamaka, wa timitengo, wa timipira ndi wa tizidutswa taphanthiphanthi, koma mitundu ya wonga ilipo yambirimbiri ndipo iwiri itha kufanana ndendende pamene liwiro la kayakidwe likusiyana kutali. Ngakhale manambala amapusitsa, IMR 4350 ndi H4350 si chinthu chimodzi, chilichonse chili ndi miyeso yake m'buku. Ndiye 303 yolemba pachivindikiro ija sikutiuza kanthu, mwina anatsanuliramo zotsala za zitini ziwiri, mwina ndi wochotsa m'zipolopolo zakale zomwe anamasula, mwini wake yemwe akanatiuza kulibe. Wonga woyaka msanga wa pisitolo ngati MP200 ukalowa mu kesi ya mfuti yaikulu pa muyeso wa wonga woyaka pang'onopang'ono, presha imakwera kuposa yomwe chitsulo chingapirire, ndipo chomwe chimaphulika chili pafupi ndi diso lako.

Apa ndionjezere za kwathu pang'ono chifukwa zimandidetsa nkhawa. Mfuti za gogodela zomwe agogo ankasunga kumudzi zinapangidwira wonga wakuda uja wautsi, wosakaniza makala ndi zina, presha yake ndi yochepa. Wina asadzayese kutenga wonga wamakono wopanda utsi kukathira mu gogodela, mpope umang'ambika m'manja. Chonde.

Chitini chadzimbiri ndi botolo lija anazitenga okha kuti akaziwononge motsatira malamulo, sanandilole kubwerera nazo pagalimoto, zomwe zinandipepukitsa mtima chifukwa sindikanadziwa kozitaya. Chitini chosatsegula cha S335 anachitsegula pamaso panga, fungo labwino, fumbi palibe, anati chitha kugwira ntchito koma ndisatenge miyeso yomwe apongozi analemba m'kope lawo ngati lamulo. Ndiyambire pa muyeso wotsikitsitsa wa m'buku la kampani yopanga wongawo, ndikwere pang'onopang'ono, ndiziyang'ana mapraima (tizitsulo toyatsa wonga kumbuyo kwa kesi) ndi makesi ndikawombera, chifukwa wonga wa dzina limodzi umasiyanako kutengera loti yake (gulu lomwe unapangidwira limodzi ku fakitale), ndiye wokhalitsa umafunika kuusamala kwambiri. Anandiperekeza ku renji yawo (malo oyesererako kuwombera) n'kuyeza liwiro la chipolopolo pa makina a chronograph, zinatuluka zogwirizana ndi za m'buku, ndipo zipolopolo zinagwera malo amodzi bwinobwino. Mpaka pano ndikuugwiritsa ntchito wopanda vuto.

Za kasungidwe ananena mwachidule. Wonga uzikhala mu chitini chake chenicheni chokhala ndi lebulo, pamalo ozizira ndi ouma, osati mu bokosi lachitsulo lotsekeka kwambiri chifukwa ukayaka mpweya ulibe potulukira, ndipo pa tebulo pazikhala chitini chimodzi chokha nthawi imodzi kuti zotsala zisabwerere kolakwika.

Zomwe sizinandisangalatse. Ndinabukitsa nthawi koma ndinakhala pabenchi pafupifupi m'mawa wonse chifukwa bamboyo ndi yekha amene amadziwa ntchitoyi ndipo inali nyengo yosaka, anthu mbwee. Ndalama yoyezera ku renji sanandiuze pafoni, ndinangoiona pa lisiti, si yambiri koma munthu umafuna udziwiretu. Komanso anyamata a pakauntala amathamangira Afrikaans, umachita kuwapempha kuti abwereze.

Ngati mukupita, tengani laisensi ndi ID chifukwa amafunsa asanakhudze chilichonse, zitini zipite mmene zilili osatsanulira mwina, musazisiye mu buti ya galimoto padzuwa mukugula zinthu ku mall, ndipo funsiranitu mtengo wa renji pafoni pomwepo.