Chikuto cha buku langa la nthano, patatha miyezi 9

Mwezi wa Meyi ndinalemba zoyamikira chikuto cha kabuku kanga ka nthano, kamene ndinasindikiza ndekha makope 300. Nthawi imeneyo mabuku anali asanathe ndi sabata yomwe m'nyumba, akununkhabe inki, ndipo ine ndinkangosimba lokoma. Tsopano tili mu Febuluwale. Mabuku aja aona nkhungu ya Juni, dzuwa la Okutobala ndi mvula ya dzinja lino. Ena ayenda m'zikwama za ana a sukulu, ena akhala pa shelefu. Maganizo anga pa wojambula sanasinthe, koma pa chikuto chenichenicho pali zimene ndiyenera kubweza.

Chithunzicho anandijambulira mnyamata wina wa kuno ku Dedza, amene anaphunzira luso lake poyendayenda kwa amisiri a ku Mua. Amene munafikako mukudziwa kuti pa mishoni imeneyi, yomwe inayamba mu 1902, pali malo a KuNgoni amene bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, ndipo osema ndi ojambula ambiri a chigawo chino anasulidwira kumeneko. Anajambula ndi penti wa acrylic pa chinsalu: agogo aakazi atakhala pansi pa thanthwe madzulo, adzukulu anayi atazungulira moto, kumbuyo kwawo pa thanthwepo zithunzi zofiira ndi zoyera ngati zamakedzana za pa matanthwe a ku Chongoni. Pasanakhale penti aliyense, tinapita limodzi ku Mphunzi, amodzi mwa malo a ku Chongoniko, kukaona zenizenizo. Iye anakhala pamwala nthawi yaitali osalankhula, akungolemba timizere m'kope. Ine ndinatopa n'kuyamba kukukuta chimanga chokazinga.

Chinsalucho chili pa khoma la pabalaza panga, mbali yosafika dzuwa, ndipo chili monga tsiku limene anachibweretsa. Moto uja ukadali kuyaka. Ndimangochipukuta fumbi ndi kansalu kouma. Pa chimenechi ndilibe dandaulo.

Vuto lili pa pepala. Makope 20 ndinasiya pa kasitolo kena ka pa boma, ndipo mwini wake, pofuna kundithandiza, anaika awiri pa windo loyang'ana kumsewu. Nditapita mu Novembala ndinachita kudutsa osawazindikira. Kufiira konse kunali kutathawa. Moto unasanduka wotuwa ngati phulusa, nkhope ya agogo inachita kubiriwira, chitenje chawo chachikasu chinayera mbee. Wojambula uja atawaona sanadabwe. Anandifotokozera kuti makina osindikizira amasakaniza inki zinayi zokha, zimene amati CMYK, ndipo pa zinayizo yachikasu ndi yofiirira ndi zimene dzuwa limayamba kudya, n'kutsala yabuluu ndi yakuda. N'chifukwa chake mapepala a kampeni akakhalitsa pa mtengo onse amathera kubuluu, kaya anali a chipani chiti. Ndinaseka, koma mumtima zinandiwawa, chifukwa chithunzi chathu chinatsamira pa mitundu iwiri yomweyo yosachedwa kusuluka.

Chimene chimandiseketsa mpaka lero n'chakuti zofiira za pa thanthwe lenileni, zimene amati anajambula Akafula, zakhala zaka mazanamazana pa mphepo ya Dedza ndipo zikuonekabe. Zoyera zija, za makolo athu Achewa, ndi dothi chabe. Malo onse 127 a ku Chongoni anawalemba m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse mu 2006. Ife ndi makina athu a magetsi miyezi 6 yatikanika.

Makope amene anakhala m'katoni ndi m'nyumba za anthu mtundu wake uli bwino. Choncho pa windo sindiikaponso buku. Tinasindikiza chithunzicho pa pepala lapadera loti liziotcheka ndi dzuwa m'malo mwa buku.

Chachiwiri ndi kapulasitiki kamene amamata pamwamba pa chikuto. Ndinasankha kosanyezimira, chifukwa kankaoneka kaulemu, ndipo mu Meyi ndinakatamanda kwambiri. Apa ndiye ndikubweza mawu. Pa malo akuda a chithunzi, monga kumwamba kwa usiku kuja, chala chilichonse chimasiya chidindo. Mwana akangodya mandasi n'kugwira buku, umboni umakhala pomwepo. Kukanda kwa chikhadabo kumaoneka ngati mzere wa choko. Ndiye mvula itayamba mu Disembala, zikuto zinayamba kupindikira kunja ngati tsamba la fodya, chifukwa pepala limamwa chinyezi mbali yamkati pomwe mbali ya pulasitiki siimwa. Pa makope amene ana a Sitandade 6 akhala akubwerekana, kapulasitiki kayamba kusendeka m'makona, ndipo mwana akaona posendeka sangapirire, amakoka basi. Osindikiza aja ndinawauza, anangoti ndi nyengo ya kwanuko. Mwina n'zoona pang'ono, kuno n'kumtunda ndipo chinyezi sichisowa, koma ndili ndi mabuku ena a zaka zambiri pa shelefu yomweyo amene sanapindike.

Pali cholakwa china chimene ndi changa ndekha. Sindinamuuze wojambula kukula kwa buku. Iye anajambula chopingasa, monga amachitira zokagulitsa kwa alendo, pomwe buku ndi loimirira, la A5, mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali. Pofuna kuti chikwane, osindikiza anadula mbali zonse ziwiri. Mdzukulu mmodzi anatsala mwendo wokha, ndipo galu amene anagona kumanzere, yemwe kwa ine ndiye anakometsa chithunzi chonse, anapita yense. Mutu wa buku unasowa pokhala, n'kuuika pamwamba penipeni pa zithunzi za pa thanthwe. Mu Meyi sindinazione ngati nkhani. Koma buku ukamaligwira tsiku ndi tsiku, mwendo uja umayamba kukuyang'ana.

Zojambula za mkati ndi zisanu ndi chimodzi. Zitatu anajambula ndi inki yakuda, zitatu ndi makala. Za inki zinatuluka bwino kwambiri, kalulu wake ndi kalulu ndithu, ndipo ana amazikopera m'makope mwawo. Za makala, zimene pa pepala lake zinali zokongola kuposa zinzake, zinatuluka ngati utsi. Kutuwa kwake kosiyanasiyana makina anakusandutsa timadontho, ndipo fisi akuoneka ngati thumba la makala lomwelo.

Komabe chithunzichi chagulitsa buku, zimenezo sindingakane. Pa makope 300 atsala osakwana 40, ndipo ambiri amene anagula sankandidziwa. Ndinaima nawo tsiku lina la msika pa Lizulu, pakati pa ogulitsa kachewere ndi tomato. Mayi wina anatenga buku, osalitsegula n'komwe, n'kuyang'anitsitsa chikuto. Kenaka anaitana mnzake: "Amwali, tabwerani mudzaone, si amayi aja awa?" Anagula awiri. Buku langa lina la m'mbuyomo, limene chikuto chake tinangotola chithunzi cha pa intaneti cha mtengo wa mlambe dzuwa likulowa, palibe anaitanirapo mnzake.

Si onse anakondwa. Azakhali anga a ku Linthipe, amene ndi anamkungwi, atalandira kope lawo anakhala chete, chala chili pa kanyama koyera kotambasula miyendo kamene kali pa thanthwe kumbuyo kwa agogo aja. Kenaka anati, "Mwanawe, izi wazitenga kuti? Izi si za pa msika." Ndinayankha kuti zili poyera ku Chongoni, alendo amajambula ndi mafoni tsiku lililonse. Iwo anati thanthwe silikwera minibasi. Sanakalipe, ndipo bukulo analisunga, koma analikuta ndi pepala la kalendala. Ndakhala ndikuganizira zimenezi kuposa za kusuluka kwa inki. Zoyera zambiri za kumeneko zimakhudza chinamwali cha atsikana, ndipo eni ake alipo, si anthu a m'mbiri chabe. Ine ndi wojambula, amuna awiri, tinangoona kukongola.

Nkhani ya ndalama nayo inabwera mochedwa. Nditaona kuti mabuku akuyenda, ndinaganiza zoika chithunzi chomwecho pa makalendala ndi ma T-shirt. Nditamuuza mnyamata uja, anakanda m'mutu n'kunena mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, pepanitu, munagula chinsalu ndi chilolezo cha chikuto chimodzi. Zinazo tikambirane." Poyamba ndinaona ngati mwano, poti ndalama ndinapereka ndipo chinthu chili pa khoma langa. Koma iye akunena zoona. Kugula chithunzi sikupatsa munthu ufulu wochichulukitsa mmene wafunira. Umwini wa luso umatsala kwa amene anajambula pokhapokha mutagwirizana zina, ndipo nkhani zotere ndi zimene bungwe la COSOMA limayang'anira. Ife tinangogwirana chanza pa khonde, popanda cholembedwa. Tsopano talemba pa pepala limodzi: makope angati, kwa nthawi yaitali bwanji, dzina lake lilembedwe pati. Dzinalo pa makope oyamba linali mkati, m'tizilembo tating'ono pansi pa adiresi ya osindikiza, ndipo anthu angapo anandifunsa ngati ndinajambula ndine. Ndinachita manyazi.

Ngati funso ndi loti ndingamubwererenso wojambula ameneyu, ndabwerera kale. Tikukonzekera kusindikiza kachiwiri. Chinsalu tachijambulitsa mwatsopano ndi kamera yabwino panja pa mthunzi, osati ndi foni m'nyumba monga poyamba. Chithunzi chonse chidzazungulira kuyambira kumbuyo kwa buku mpaka kutsogolo, ndiye galu uja abwerera, adzagona kuchikuto chakumbuyo pamodzi ndi dzina la mwini luso. Tasiya mamilimita atatu m'mphepete oti mpeni wa osindikiza udye popanda kudula mwana wa munthu. Kapulasitiki kadzakhala konyezimira, ngakhale sindikakonda maonekedwe ake, ndipo zamakala zija akuzijambulanso ndi inki.

Za kanyama koyera sitinamvane. Iye akuti popanda iko thanthwe lingokhala mwala wamba, ndipo akhoza kukasintha pang'ono kuti kasafanane ndi kenikeni. Ine ndikufuna mutu wa buku ukhale pamenepo, ukaphimbe. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tikwere limodzi kupita ku Linthipe, chinsalu chili m'manja, akatiuze azakhali. Shuga ndi sopo ndagula kale.