Pulopela ya APC 11x7E: mmene yandigwirira ntchito kuyambira chiperoni mpaka mvula yoyamba

Ndinaika pulopela iyi pa kandege kanga ka rimoti mu Juni, ndipo mpaka lero sindinaichotse. Kandegeko ndi ka foam, mapiko ake amatambasuka mita 1.4, mota yake ili kutsogolo ndipo ndi ya KV 900 (KV ndi kangati mota imazungulira pa mphindi pa volt iliyonse ikakhala yopanda pulopela), batire ndi ya mtundu wa LiPo ya 3S (maselo atatu), 2200 mAh (muyezo wa magetsi omwe imasunga). Kanabwera ndi pulopela yofewa ya 9x4.7 yopanda dzina la kampani. Chomwe ndinkafuna chinali chimodzi basi: kuti kazikhalitsa m'mwamba popanda kugula batire yaikulu. Zimenezo zatheka, koma pali zina zoti muzidziwe musanataye ndalama zanu.

APC ndi kampani yopanga pulopelayi, E akusonyeza kuti ndi ya mota yamagetsi, ndipo manambala awiri aja, 11x7, ali m'mainchesi. 11 ndi kutalika kwa pulopela kuchokera kunsonga ina kukafika kunsonga inzake. 7 ndi pitch, mtunda womwe pulopela ikanasuntha pa kuzungulira kamodzi ukanakhala kuti mpweya suthawa. Pitch ili ngati giya ya njinga ya kabaza: giya yopepuka ndi yabwino pokwera chitunda cha ku Ndirande, koma pamsewu wosalala mumangopalasa mwaphuma, thukuta kamukamu, mtunda osaoneka. Ndi zomwe 9x4.7 inkachita. Kandege kanga kamayenda bwino pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola. Pulopela ya pitch 7 ikamazungulira ka 5,000 pa mphindi, masamu ake amapereka makilomita 53 pa ola, zomwe ndi zokwanira kukakoka. Kuti ya pitch 4.7 ifike pomwepo imafunika kuzungulira kupitirira ka 7,400. Kwa mapulopela ake ofewa a mtundu wa Slow Flyer, APC imalangiza kuti kuzungulira pa mphindi kusapitirire 65,000 kugawa ndi kutalika kwake, ndiye ya mainchesi 9 malire ake ali cha pa 7,200. Yofewa ikamathamangitsidwa chonchi masamba ake amapindika, ndipo mphamvu ya batire imathera m'phokoso.

Apa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena omwe timaulutsa nawo. Iwo amagwira ndege kumchira, n'kuika moto wonse, ndipo ikawakoka mkono mwamphamvu amati pulopela ndi imeneyi. Kuyesa kotereku kumangokuuzani za ndege yoima. Ndege youluka imakumana ndi mpweya womwe ukubwera kale kutsogolo, ndipo pulopela ya pitch yochepa, yomwe imakoka kwambiri ndege ili pansi, imafooka msanga liwiro likamakwera. Yunivesite ya Illinois ili ndi zotsatira za mapulopela ang'onoang'ono omwe anayesedwa mu wind tunnel (chipangizo chopemerera mphepo pa liwiro lodziwika), ndipo zili pa intaneti mwaulere. Mukaziyang'ana muona kuti pulopela iliyonse ili ndi liwiro lake pomwe imagwira bwino koposa, kupitirira apo kagwiridwe kake kamatsika mofulumira. Nkhani yonse yagona pa kuonetsetsa kuti liwiro limenelo likufanana ndi lomwe ndege yanu imathera nthawi yambiri ikuyenda.

Ine woweruza wanga ndi chaja. Ndikauluka nthawi yofanana, pamalo omwewo, ndimaona ma mAh omwe chaja yabwezera m'batire. Ndi 11x7E nambala imeneyi yakhala yotsika nthawi zonse, ndipo kandege kamakhazikika kamtengo ka moto ka pa rimoti kasanafike n'komwe pakati. Mota imatera ili yofunda chabe, yoti mungaigwire osachotsa chala. Phokoso nalo linasintha, m'malo molira mokwiya imangong'ung'udza. Chifukwa chake n'chakuti kukankha mpweya wambiri pang'onopang'ono kumadya mphamvu yochepa kusiyana ndi kukankha mpweya wochepa mothamanga. Komanso mphamvu yomwe pulopela imadya imakwera mofulumira kwambiri poyerekeza ndi kuzungulira kwake: mukachepetsa kuzungulira ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, mphamvu yofunika imatsika kufika cha pa theka.

Koma musanamizidwe, pulopela yaikulu simapulumutsa batire mwa iyo yokha. Pa moto wonse iyi imakoka magetsi ochuluka kuposa yakale ija. Amene amakonda kuuluka moto uli kumapeto aona batire ikutha msanga, mwinanso ESC, kachipangizo kowongolera liwiro la mota, kupsa kumene. Musanaiulutse lumikizani wattmeter, kachipangizo koyezera magetsi, pakati pa batire ndi ESC, muone ngati ma amp sakupyola zomwe mota ndi ESC zanu zimalola. Ine moto wonse ndimauika ponyamuka pokha.

Za malo athu ano n'zofunika kuziganizira. Blantyre ili pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Matebulo ambiri a opanga mamota amawerengera mpweya wa kunyanja yamchere, choncho kuno pulopela yomweyo imakoka mochepera ndipo imadyanso magetsi ochepera. N'chifukwa chake sindinaope kukwera kufika pa mainchesi 11. M'miyezi ya chiperoni, mpweya uli wozizira ndi wolemerako, kandege kankanyamuka msanga, ndipo pitch 7 inandithandiza kubwerera nako mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikakatengera patali. Mu Okutobala masana dzuwa likuswa mtengo kankafuna mtunda wotalikirapo kuti kachoke pansi ndipo moto ndinkauonjezera pang'ono, komabe mota sinatenthe mopitirira.

Pa za kulimba ndilibe dandaulo. Ndi ya nayiloni yosakaniza ndi ulusi wolimbitsa, siipindika, ndipo patatha miyezi yonseyi yangokalika pang'ono kunsonga chifukwa cha mchenga. M'mphepete mwake ndi mwakuthwa kwambiri, choncho batire muzilumikiza manja ali kumbuyo kwa pulopela, ndipo ana omwe amakhamukira kudzaonerera aziima patali. Ndisanaiike ndinaiyesa ngati masamba onse awiri akulemera mofanana. Limodzi likapepuka, kachidutswa ka selotepi kamakwana. Ndimabwerezanso kuyesaku ndikatera moipa, chifukwa kunjenjemera kumadya ma bearing a mota.

Chovuta chenicheni ndi nthaka. Mabwalo athu m'chilimwe amauma gwa, miyala ili mbwee, ndipo pulopela ya mainchesi 11 imatsikira pansi ndi inchi imodzi kuposa ya 9. Ndinatalikitsa miyendo ya kandege, zomwe zinaonjezera kulemera pang'ono, koma phindu lake ndi lalikulu kuposa chotayikacho. Ndinayatsanso buleki ya pa ESC kuti ndikazimitsa mota m'mwamba pulopela iziima, popeza yozungulira ndi mphepo imakokera ndege m'mbuyo.

Ngati ndege yanu ilibe matayala ndipo imatera chamimba, iyi si yanu. Funani yopinda masamba, monga za Aeronaut za ku Germany, yokhala ndi manambala oyandikira omwewa. Ngati mota yanu ndi ya KV yokwera, cha m'ma 1,400, mainchesi 11 pa 3S aichulukira. Ndipo poitanitsa kunja gulani zingapo nthawi imodzi, muonjezerepo ya 10x7 ndi ya 11x5.5 zoyerekezera, chifukwa ndalama yotumizira katunduyo nthawi zambiri imaposa mtengo wa pulopela imodzi.