Tima elementi tiwiri, kanafika kamodzi ku Ndirande

Anzanga a kuno ku Joni amene mumatumiza tima speya kumudzi, mverani zomwe wandichita transporter wina uyu, mtima sunatsikebe.

Alamu anga ali ndi butchala ku Ndirande ndiye firiji yawo ija yagalasi yoonetsera nyama inayamba kutayira madzi pansi, m'mawa uliwonse mopu m'manja, tsiku lina mayi wina anatsala pang'ono kugwa ndi mwana kumsana. Mekaniki atayiona anati kapsa ndi ka elementi ka mu thireyi ya pansi. Firiji imeneyi ilibe paipi yotulutsa madzi panja, ayisi akasungunuka nthawi ya defrost madziwo amatsikira mu thireyimo ndiye ka elementi kaja kamawatenthetsa mpaka aphwe. Mekanikiyo anandiuza kuti mugule ka elementi ka mtundu wa PTC osati ka waya wamba, chifukwa ka PTC kamadziwongolera kokha, kakakhala m'madzi kamakoka magetsi ambiri koma madzi akangouma kamachepetsa kokha popanda thermostat (kachipangizo kozimitsa magetsi kutentha kukakwana), sikapsereza thireyi komanso sikadya mayunitsi pachabe. Mwayi wake magetsi a kuno ndi a kumudzi ndi amodzimodzi, 230V.

Ndinagula tiwiri, kena kosungira. Kachinthu kake kutalika ngati bolopeni basi, ndi timawaya tiwiri. Kupusa kwanga, m'malo mopereka kwa a basi omwe amakatsitsa ku Wenela monga ndimachitira nthawi zonse, ndinatengeka ndi transporter wa pa gulu la WhatsApp woti akutchipa, R250 mpaka pakhomo, masiku asanu kafika. Ndinamufunsa kawiri konse kuti palibe china cholipira? Akuti ayi bwana, zonse zili momwemo.

Sabata yoyamba akuti tili pa Beitbridge mzere ndi wautali. Chabwino, tonse timaidziwa Beitbridge. Sabata yachiwiri galimoto yafera ku Tete, kenako foni osayankha masiku anayi, uku alamu akungondiimbira kuti alamu kodi zili pati, ine manyazi ngati ndadya ndalama ya munthu. Sabata yachitatu ndi pomwe ajenti wake wa ku Limbe anaimbira alamu kuti bwerani ndi K40,000 ya duty ya pa Mwanza. Mpaka pakhomo ija yathera pomwepo, anakwera okha minibasi. Atafunsa lisiti la MRA ajentiyo anangoti katundu amalipiridwa pamodzi, ngati simukufuna kasiyeni. Analipira, akanatani nyama ikudikira.

Kufika kunyumba kutsegula katoni, selotepi ndi ina osati yomwe ndinamata ine, mkatimo ka elementi kamodzi. Ndamufunsa transporter uja akuti mwina kanagwa posecha pa boda. Kugwa kuchoka mu katoni yomata?

Inu mukamatumiza tinthu ting'onoting'ono chonchi jambulani vidiyo mukulongedza pamaso pa transporter, lembani pa katoni kuti muli zingati, ndipo nkhani ya duty mugwirizane pa meseji yolemba osati pakamwa. Theka la ndalama muzimaliza katundu akafika, akakana ameneyo musiyeni. A basi amadula inde koma ine sanandisowetsepo ngakhale sokosi.

Kamodziko mekaniki anakamanga Loweruka, pansi pauma gwa, alamu anatumiza chithunzi mopu ili pa dzuwa. Transporter uja wandibuloka dzulo, koma pa gulu paja akulengezabe kuti galimoto inyamuka Lachisanu.